Kalata ya DVLA ikakupezani: za chindapusa cha galimoto yopanda msonkho kuno ku Britain

Lamlungu lapitali, nditangofika kunyumba kuchokera ku mapemphero, mwana wa mlongo wanga anandiimbira foni mawu ake akunjenjemera. Mtsikanayu wangotha miyezi yochepa chibwerere kuno ku England, ndipo amagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, ntchito imene aliyense woidziwa angakuuzeni kuti popanda galimoto siigwirika, chifukwa m'mawa umodzi wokha munthu amayenera kufika m'nyumba zingapo zotalikirana. Anasunga ndalama mpaka kugula kagalimoto kakale kwa munthu amene anamupeza pa Facebook, ndipo wogulitsayo anamutsimikizira kuti msonkho unalipiridwa kale mpaka kumapeto kwa chaka. Iye anakhulupirira, nagula inshuwalansi yokha, ndipo usiku uliwonse ankaimika galimotoyo m'mbali mwa msewu moyang'anizana ndi nyumba imene akuchita lendi. Tsiku lina akutuluka mbandakucha atavala kale yunifomu, anapeza chitsulo chachikasu chitamangidwa pa tayala lakutsogolo, ndipo pagalasi panali patamatidwa pepala lomuchenjeza kuti asayerekeze kusuntha galimotoyo. Analipira kuti chitsulocho chichotsedwe, anataya ntchito ya tsiku limenelo, ndipo tsopano kwabweranso kalata yofuna ndalama zina, yochokera ku DVLA, bungwe la boma loona za kaundula wa magalimoto ndi msonkho wake. Funso lake linali lakuti, "Malume, ndiwalembere bwanji kuti amvetse kuti ine sindinkadziwa?"

Yankho limene ndinamupatsa silinamusangalatse. Ndinamuuza kuti kusadziwa kwake n'koona ndipo ine ndikukukhulupirira, koma kuti pa nkhani ya msonkho wa galimoto kuno safunsa zimene munali kudziwa kapena zimene munali kuganiza mumtima. Pa kalata ngati yakeyo amafunsa zinthu ziwiri zokha: kodi pa tsiku lakutilakuti galimoto inali pamsewu wa boma, ndipo kodi pa tsiku limenelo inali ndi msonkho? Amene ali ndi pepala lotsutsa chimodzi mwa ziwirizi ali ndi mlandu woti amenyere. Amene alibe pepala lotere achite changu kulipira ndalama isanakule. Chimene chimapweteka anthu athu ambiri n'chakuti sachita chilichonse mwa ziwirizi, amangoika kalatayo pamwamba pa filiji n'kumadikira kuti mwina aiwala. Ine ndinapsa ndi zimenezi, n'chifukwa chake ndikulemba, makamaka kwa inu amene mwangofika kumene ndipo mukuthamangira kugula galimoto yoyamba.

Choyamba, msonkho suyenda ndi galimoto ikagulitsidwa. Kwathu tinazolowera kuyang'ana pagalasi lakutsogolo, tikaona kuti COF ndi inshuwalansi masiku ake alipo, mtima umakhala pansi. Kuno kale kunalinso kapepala kozungulira komata pagalasi, koma kanathetsedwa pa 1 Okutobala 2014, ndipo kuyambira tsiku limenelo galimoto ikangosintha mwini msonkho wakale umathera pomwepo. Bungwe la DVLA, lomwe likulu lake lili ku Swansea m'dziko la Wales, likangodziwitsidwa kuti galimoto yagulitsidwa limabweza kwa wogulitsa ndalama za miyezi yathunthu yotsala. Ndiye kuti munthu amene anauza mwana wa mlongo wanga kuti msonkho ulipo mpaka kumapeto kwa chaka, iyeyo ndi amene analandira cheke cha miyezi imeneyo, mtsikanayo n'kutsala akuyenda ndi galimoto yopanda msonkho kuyambira tsiku loyamba. Wogula ayenera kulipira msonkho asanaliza n'komwe injini, ndipo zimatheka ali pakhomo pa wogulitsayo, pogwiritsa ntchito foni ndi kapepala kobiriwira kamene kamadulidwa ku buku la galimoto lotchedwa V5C. Pa kapepalako pali nambala ya manambala 12 imene webusaiti ya boma ya GOV.UK imafuna. Wogulitsa amene akukana kukupatsani kapepala kobiriwirako, kapena akunena kuti adzakutumizirani pambuyo pake, musiyireni galimoto yake. Musadalirenso kuti poti palibe wapolisi wakuimitsani ndiye kuti zonse zili bwino. Kuno kulibe chipata cha pamsewu choti wina akufunseni mapepala, koma kuli magalimoto okhala ndi makamera amene amayenda m'misewu ya m'makwalala n'kumawerenga manambala a galimoto zoimikidwa, ndipo munthu aliyense wokhala naye pafupi angathe kulowetsa nambala ya galimoto yanu pa intaneti, kuona kuti ilibe msonkho, n'kukanena popanda kutchula dzina lake.

Chachiwiri, werengani kalatayo mofatsa kuti mudziwe kuti ndi ya mtundu wanji, chifukwa si kalata imodzi ndipo anthu amazisokoneza. Pali ina imene imatuluka yokha kuchokera mu kompyuta pamene msonkho watha ndipo simunalembetse kuti galimoto yachotsedwa pamsewu. Imeneyi amaitcha late licensing penalty, ndi ya £80, ndipo imatsika kufika pa £40 mukalipira pasanathe masiku 33. Pa imeneyi sipafunika kuti wina aione galimotoyo, n'zokwanira kuti dzina lanu ndi limene lili m'kaundula. Mukapanda kulipira amaipereka kwa makampani otolera ngongole. Ina, imene mwana wa mlongo wanga walandira, imabwera pamene galimoto yaonedwa ndithu pamsewu, ikuyenda kapena itangoima. Amaitcha out of court settlement, kutanthauza kuti akukupatsani mwayi wothetsa nkhani musanapite kukhoti. Ndalama yake ndi £30 kuphatikiza msonkho umene akuti munayenera kulipira, ataonjezerapo theka lake. Tiyerekeze kuti msonkho wotsalawo awerengera £60: mulipira £30 ndi £90, zonse pamodzi £120. Mukakana kapena kukhala chete nkhani imatha kupita ku khoti la majisitireti pansi pa gawo 29 la lamulo la Vehicle Excise and Registration Act la 1994, ndipo kumeneko chilango chingafike £1,000 kapena msonkho wa galimotoyo kuchulukitsa kasanu, potengera ndalama imene yachuluka pa ziwirizi, kuphatikizapo msonkho wotsala ndi ndalama zoyendetsera mlandu. Za chitsulo cha pa tayala ndi nkhani inanso payokha: kuchichotsa ndi £100 mukachita changu pasanathe maola 24, galimoto ikanyamulidwa kupita kumalo osungirako imakhala £200 ndi £21 pa tsiku lililonse, ndipo ngati simunalipire msonkho pa nthawi yoitenga amakuitanitsani chikole cha £160 chimene chimabwezedwa mukaonetsa umboni wa msonkho pasanathe pafupifupi masabata awiri. Galimoto yosatengedwa amaigulitsa kapena kuiphwanya. Ambiri amaganiza kuti akalipira za chitsulocho nkhani yatha, n'chifukwa chake kalata yachiwiri imawadzidzimutsa.

Tsopano pa kutsutsa kwenikweniko. DVLA inalemba poyera zifukwa zimene imamvera: kuti msonkho munali mutalipira kale, kuti munali mutawadziwitsa kale kuti galimoto si yanunso, kapena kuti munali mutalembetsa kale kuti yachoka pamsewu. Mawu ofunika apa ndi akuti kale. Umboni wanu uyenera kukhala ndi tsiku la m'mbuyo mlanduwo usanachitike. Inalembanso zifukwa zimene simvera, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ndi zomwezo zimene ife timathamangira kulemba: kuti ndinasamuka ndipo kalata zinapita ku nyumba yakale, kuti sindinalandire kalata yondikumbutsa, kuti ndinaiwala, kuti ndinali kunja kwa dziko, kuti banki inalephera kutumiza ndalama. Ndikudziwa m'bale wina amene anathamangira kumudzi ku maliro a mayi ake, nakhalako mpaka sadaka, ndipo pobwera anapeza makalata atatu pansi pa chitseko. Analemba masamba anayi ofotokoza za maliro ndi za mtengo wa tikiti ya ndege, zonse zoona ndi zogwira mtima, koma munalibe chimene chinayankha funso la tsiku ndi malo. Kalata yotsutsa iyenera kukhala yaifupi. Lembani nambala ya galimoto, nambala ya mlandu imene ili pamwamba pa kalata yawo, chifukwa chimodzi chimene mukukanira, ndi mndandanda wa mapepala amene mwaphatikiza. Tumizani makope okha, mapepala enieni musunge. Pitani ku Post Office mukatenge umboni wakuti mwatumiza, womwe amapereka ulere mukapempha, ndipo jambulani zonse pa foni musanamate envelopu. Musaganize kuti poti mwalemba ndiye kuti tsiku lomaliza kulipira laimitsidwa. Pemphani m'kalata momwemo kuti akutsimikizireni polemba ngati nkhaniyo yaimikidwa pamene akuunika, ndipo tsikulo mulilembe pakhoma.

Yang'ananinso tsiku, nthawi ndi dzina la msewu zimene alemba. Ngati akuti galimoto yanu inaonedwa mumzinda umene simunapondeko, pemphani chithunzi, chifukwa kuno kuli akuba amene amakopera nambala za galimoto za anthu ena n'kuzimata pa zawo. Zikatero pitani kupolisi kaye, akupatseni nambala ya dandaulo lanu, ndipo nambala imeneyo ndi imene mutumize pamodzi ndi zithunzi za galimoto yanu yeniyeni ndi ndandanda ya kuntchito yosonyeza kumene munali tsiku limenelo. Koma ngati mwalipira msonkho masana galimoto itaonedwa m'mawa, musayese kunena kuti munali mutalipira kale. Ndi zoona kuti msonkho umawerengedwa kuyambira tsiku loyamba la mwezi, koma nthawi imene munalipira imalembedwa, ndipo bodza laling'ono lotere lingasandutse nkhani ya ndalama zochepa kukhala mlandu wina woipa.

Ndifotokoze zimene zinandichitikira, chifukwa mpaka lero zimandiwawa. Zaka zingapo zapitazo ndinagulitsa galimoto yanga kwa munthu wakwathu, amene tinkapemphera limodzi ndipo ana ake ankanditcha kuti amalume. Anabwera madzulo, mayi a kunyumba anaphika nsima, tinadya, nandipatsa theka la ndalama n'kulonjeza kuti zotsala apereka pakutha pa mwezi. Pa nkhani ya buku la galimoto anandiuza kuti, "Achimwene, musavutike, ndipatseni buku lonse ndikatumiza ndekha mawa." Ndinaona kuti kukana kapena kumulembetsa pepala kukhala ngati ndikumuyesa wakuba pamaso pa banja langa, choncho ndinamupatsa. Sanatumize. Patapita miyezi iwiri ife tinasamukira ku nyumba ina, ndinasintha adiresi pa laisensi yanga yoyendetsera, ndipo za galimoto ija ndinaziiwala popeza sinali yanga. Iye anaiyendetsa mpaka msonkho kutha, itaonongeka anaisiya m'mbali mwa msewu wina kwa miyezi. Makalata onse ankapita ku nyumba yakale m'dzina langa: yokumbutsa, ya £80, yothetsera nkhani kunja kwa khoti, kenako ya khoti lenilenilo. Ine ndinadziwa tsiku limene mayi wa mu ofesi yowerengera malipiro kuntchito anandiitanira pambali, natseka chitseko, n'kundionetsa chikalata cha khoti cholamula kuti azidula ndalama pa malipiro anga. Ndinaima pamenepo manja akuzizira, ndikuwerenga dzina langa pansi pa mawu osonyeza kuti ndinapezeka wolakwa pa mlandu umene sindinaumvepo. Nditamuimbira m'bale uja anandiyankha kuti zimenezo n'zazing'ono ndipo ndisamuchititse manyazi. Ndalama zotsala za galimoto sanamalize mpaka lero, ndipo tikakumana pa zochitika za a Malawi amandipatsa moni ngati palibe chinachitika.

Cholakwa changa chinali chimodzi, ndipo lamulo limachiika pa wogulitsa: udindo wodziwitsa DVLA kuti galimoto yagulitsidwa ndi wa inu wogulitsa, osati wogula, ndipo kulephera kutero ndi mlandu pawokha umene kukhoti ungafike £1,000. Masiku ano zimatenga mphindi zisanu pa intaneti, wogula ali pompo, ndipo mumalandira imelo yotsimikiza nthawi yomweyo. Imelo imeneyo ndi imene imakupulumutsani. Wogula mupatseni kapepala kobiriwira kokha. Lembani kapepala ka mgwirizano ka mizere itatu kokhala ndi tsiku, nthawi, mtengo ndi masiginecha a nonse awiri, ngakhale wogulayo akhale mlamu wanu kapena mkulu wa mpingo. Ndalama zidutse ku banki, zisaperekedwe pamanja. Ine chimene chinandithandiza n'chakuti theka lija linadutsa ku banki, mauthenga a pa WhatsApp ndinali ndisanafufute, ndipo kampani ya inshuwalansi inandipatsa kalata yosonyeza tsiku limene ndinachotsa galimotoyo pa inshuwalansi yanga.

Kwa amene zamuonekera ngati zanga, njira ilipo koma ndi ya masiku owerengeka. Ku England ndi Wales, munthu amene waweruzidwa asakudziwa kuti kuli mlandu angathe kuchita chimene amachitcha statutory declaration, ndiko kulumbira polemba kuti sanadziwe za mlanduwo kufikira tsiku lakutilakuti. Izi ziyenera kuchitika pasanathe masiku 21 kuchokera tsiku limene mwadziwa, osati tsiku la chigamulo, ndipo zimachitikira ku khoti la majisitireti kapena pamaso pa loya. Zikalandiridwa chigamulo chija chimafafanizidwa ndipo mlandu umayambiranso, ndiye mumafunsidwa ngati mukuvomera kapena kukana. Dziwani kuti kulumbira kumeneku sikuthetsa mlandu, kumangokubwezerani mwayi wolankhula umene munautaya. Dziwaninso kuti kulumbira zabodza ndi mlandu waukulu woti munthu angamangidwe nawo, choncho amene analandira kalata n'kuibisa pansi pa matiresi asayerekeze kudutsa njira imeneyi. Ine ndinaimbira khoti tsiku lomwelo, ndinapempha tchuthi cha tsiku limodzi, ndipo mlandu wa msonkho unachotsedwa pa ine nditaonetsa mapepala aja, ngakhale kuti za kusadziwitsa ndinalipira.

Chachitatu ndi adiresi, ndipo apa ndi pamene obwera kumene ambiri amagwera, popeza chaka choyamba munthu amasamuka kawiri kapena katatu, kuchoka pa sofa ya m'bale kupita ku chipinda cha lendi, kenako ku nyumba yakeyake banja likabwera. Kusintha adiresi pa laisensi yoyendetsera sikusintha adiresi ya pa V5C. Ndi kaundula awiri osiyana ngakhale ali m'bungwe limodzi, ndipo makalata a msonkho amatsata V5C. Kusintha n'kwaulere, pomwe kusasintha kungakudyereni mpaka £1,000. Musalembetsenso galimoto pa adiresi ya mnzanu pofuna kuti inshuwalansi itsike mtengo, chifukwa kuonjezera pa vuto limene mungakhale nalo ndi a inshuwalansi, mukuika makalata anu a khoti m'manja mwa munthu amene sadzawatsegula.

China chimene chimasokoneza kwambiri ndi SORN, chidziwitso chakuti galimoto yachotsedwa pamsewu. Kulembetsa n'kwaulere, ndipo mukatero simulipira msonkho kapena inshuwalansi. Koma anthu amaganiza kuti SORN imatanthauza kuti galimoto siikuyenda, pomwe tanthauzo lake ndi lakuti siili pamsewu wa boma ngakhale pang'ono. Nyumba zambiri zimene timakwanitsa kuchita lendi ndi zija zogundana mumzere, zopanda bwalo kapena garaja, ndipo malo amene mumaimikapo kutsogolo kwa chitseko chanu, ngakhale mwakhala mukuimikapo zaka zisanu ndipo anansi onse amadziwa kuti ndi panu, ndi msewu wa boma. Galimoto ya SORN ikapezeka pamenepo chilango chimakula kuposa cha amene sanalembetse n'komwe: £30 kuphatikiza msonkho wotsala kuwirikiza kawiri, ndipo kukhoti chingafike £2,500 kapena msonkho kuchulukitsa kasanu. Ulendo wokha umene galimoto yotere imaloledwa ndi wopita ndi kubwera ku MOT, kuyezetsa galimoto kofanana ndi COF yakwathu, imene mwasungitsa malo pasadakhale, ndipo pa ulendowo iyenera kukhala ndi inshuwalansi. SORN nayonso sitsatira galimoto ikagulitsidwa, wogula ayenera kulembetsa yake.

Komabe apa ndi pamene munthu angapambane ngati ali ndi chilungamo. Lamulo limati msewu wa boma ndi umene umakonzedwa ndi ndalama za boma. Pali malo oimikapo galimoto a nyumba zosanjikizana, ndi timisewu tina ta kuseri kwa nyumba, amene ndi a eni malo. Ngati galimoto yanu ya SORN inali pamalo otere, musangonena pakamwa. Khonsolo yoyang'anira misewu m'dera lanu imasunga mndandanda wa misewu imene imaikonza, ndipo mungailembere kuti ikutsimikizireni ngati malowo ali pa mndandandawo. Phatikizani yankho lawo, pepala la mgwirizano wa lendi losonyeza kuti malo oimikapo ndi gawo la nyumba yanu, kalata ya mwini nyumba, ndi zithunzi zoonetsa pamene matayala onse anayi anali. Ndikuti onse anayi chifukwa galimoto imene mbuyo yake yatulukira pa njira ya oyenda pansi ili kale pamalo a boma.

Za Direct Debit, njira yoti msonkho uzidulidwa wokha ku akaunti yanu ya ku banki, ndinene mwachidule. Kulipira mwezi ndi mwezi kumathandiza ngakhale amaonjezera 5 peresenti, koma ndalama ikalephera kutuluka amayesanso kamodzi, ikalepheranso dongosolo lonse limathetsedwa ndipo galimoto imatsala yopanda msonkho. Ife amene timatumiza ndalama kumudzi tsiku lomwe talandira, akaunti n'kutsala yopanda kanthu pofika pa 1, tiyenera kusamala kwambiri apa. Msonkho sudzipanganso wokha chaka chikatha ngati MOT yatha. Ndipo galimoto imene msonkho wake ndi £0 iyenera kulembetsedwabe chaka ndi chaka, apo ayi chindapusa chimabwera chimodzimodzi. Amene munauzidwa kuti galimoto zamagetsi sizilipira, zimenezo zinatha pa 1 Epulo 2025.

Chomwe ndikufuna kuti musachiphonye ndi kalata yolembedwa pamwamba kuti Single Justice Procedure Notice. Imeneyi ndi khoti lenileni ngakhale simukuitanidwa kukaima pamaso pa munthu. Majisitireti mmodzi, mothandizidwa ndi mlangizi wa malamulo, amawerenga mapepala n'kugamula, ndipo muli ndi masiku 21 oti muyankhe. Mungavomere polemba, mungavomere n'kupempha kukaonekera, kapena mungakane kuti mlandu ukazengedwe. Ngati mulibe umboni, kuvomera msanga kumachepetsa chilango mpaka ndi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo apa tsopano ndi pamene nkhani ya maliro, ya matenda kapena ya wogulitsa wabodza ili ndi malo ake, m'bokosi lofotokozera zifukwa zopempha kuti akuchitireni chifundo. Lembaninso fomu yosonyeza ndalama zimene mumapeza ndi zimene mumaononga, chifukwa mukaisiya khoti limangoyerekeza lokha malipiro anu, ndipo kawirikawiri chilango chimatuluka chokwera kuposa chimene mukanapatsidwa. Abale a ku Scotland dziwani kuti makhoti akumeneko ali ndi dongosolo lawolawo, koma DVLA ndi yomweyo ndipo masiku olembedwa pa kalata ndi ofunika chimodzimodzi. Akuluakulu anati mlandu suwola, ndipo kuno mawuwa ndinawaona ndi maso, pakuti kalata imene simunaiyankhe imasanduka chigamulo, chigamulo chimasanduka anthu ogogoda pakhomo kapena kudulidwa malipiro.

Pali chifukwa china chimene ife obwera sitiyenera kulola kuti nkhani yotere ifike kukhoti mwachisawawa. Kulipira out of court settlement si kupezeka wolakwa kukhoti, ndipo mlandu wa msonkho suika mapointi pa laisensi. Koma chigamulo cha majisitireti ndi chigamulo, ndipo mafomu a Home Office, unduna woona za obwera m'dziko muno, opempha kukhala kuno mpaka kalekale kapena unzika amafunsa za milandu imene munaweruzidwa nayo, kuphatikizapo ya pamsewu. Mlandu umodzi waung'ono umene mwaulemba moona ndi wosiyana kwambiri ndi mlandu umene mwaubisa, kapena umene simukuudziwa chifukwa makalata anapita ku nyumba yakale. Amene wafika kale pamenepa afunse kwa mlangizi wovomerezeka wa za chilolezo chokhalira m'dziko asanatumize fomu. Pa za chindapusa chenichenicho, a Citizens Advice amathandiza ulere kuwerenga kalata ndi kulemba yankho.

Chenjeraninso ndi alangizi a m'magulu athu a pa WhatsApp. Ndaonapo wina akulangiza kuti kalata ingobwezedwa italembedwa kuti munthuyu sakhala pano, wina kuti chitsulo cha pa tayala chidulidwe usiku, wina kuti galimoto ilembetsedwe m'dzina la m'bale amene anabwerera kumudzi. Onsewa sadzakhala nanu tsiku la mlandu. Palinso mauthenga a pa foni ndi maimelo onamizira DVLA, onena kuti msonkho wanu walephera kulipiridwa kapena kuti muli ndi ndalama zobwezeredwa, n'kukupemphani manambala a khadi la ku banki. DVLA sipempha zimenezo kudzera pa uthenga wa pa foni kapena imelo, ndipo munthu amene wangolandira chindapusa chenicheni ndi amene amagwa msanga mumsampha umenewu chifukwa mtima uli kale m'mwamba. Chilichonse chokhudza galimoto chitireni pa GOV.UK, polemba nokha adiresiyo, osati podina chimene mwatumiziridwa.

Mwana wa mlongo wanga anabwera kunyumba Lachiwiri madzulo ataweruka, atanyamula mapepala onse m'jumbo. Tinawayala patebulo n'kuyang'ana tsiku lililonse: tsiku logula, tsiku limene galimoto inaonedwa, ndi tsiku limene analipira msonkho, lomwe linali lomwelo la chitsulo chija, masana. Panalibe pepala ngakhale limodzi la tsiku la m'mbuyo, ndipo msewu wa kwawoko ndi wa khonsolo mosakayikitsa. Uthenga wa wogulitsa wonena kuti msonkho ulipo anali nawo pa foni, koma ndinamufotokozera kuti umenewo ndi mlandu wa pakati pa iye ndi wogulitsayo, ndipo suchotsa udindo wake pamaso pa DVLA. Analira pang'ono, chifukwa ndalamayo inali ya fizi ya mng'ono wake kumudzi, kenako anatulutsa khadi nalipira tili pomwepo, kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti nthawi ithe. Tisanadye tinatsegula V5C yake yatsopano ndipo tinapeza kuti ili ndi adiresi ya nyumba imene akuchokamo mwezi wamawa. Ndinamulembetsa pa foni yake chikumbutso cha tsiku losamuka, ndipo ndamuuza kuti tsiku limenelo, asanamasule katundu, anditumizire chithunzi chosonyeza kuti wasintha.